MWANA WA LILIME LOLEMERA: TIMLANKHULIRE KAPENA TIMDIKIRE?

Pa msika wa pa Manjawira, m'mbali mwa mseu waukulu wochokera ku Blantyre kunka ku Lilongwe, ndidaona kanthu kamene kakhala kakundisowetsa mtendere, ndipo ndati ndikatule pano kuti tithandizane nzeru. Mayi wina adaima pamene amagulitsa zitumbuwa ndi nthochi, atagwira pamkono mwana wake wamwamuna wa zaka ngati zisanu. Wogulitsayo, mayi wachikulire ndi wansangala, adawerama nafunsa mwanayo kuti, "Nanga abambo, ndikupatseni chiyani?" Mwanayo adatsegula pakamwa, milomo yake idayendayenda ngati ikufunafuna pokhala, nsagwada idatsika nikweranso, koma chimene chidatuluka sichidali liu loti mlendo nkulimva. Anyamata awiri amene adakhala pafupi adayamba kukodolana. Pomwepo make mwanayo adafulumira nati, "Mpatseni chitumbuwa, agogo, ameneyu salankhula." Adalipira nanyamuka. Koma ine amene ndidali kumbuyo kwao ndidaona kuti chala cha mwanayo chidali kuloza nthochi, ndipo chitumbuwa chija adapita nacho chiri m'manja, osachiluma.

Mayi uja sindimdzudzula ai. Amene adaona nkhope yake pamene anyamata aja ankakodolana adziwa kuti chidamfulumizitsa ndi chikondi, pakuti palibe kholo limene lingaime chete mwana wake akusanduka choseketsa cha pamsika. Komabe chikondi chomwecho chidampatsa mwana chinthu chimene sadapemphe, ndiponso chidalengeza pamaso pa anthu kuti iye salankhula, pamene iye adali pakati pa kulankhula. Tsono funso lathu nali: mwana akakhala ndi mau mumtima koma lilime likumkanika, kodi kholo lomkonda limlankhulire, kapena limdikire? Funso limeneli si la banja limodzi lokha. Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti mwa Amalawi a zaka zisanu ndi kupitirira, anthu 10 pa 100 ali onse adali ndi ulumali wina, ndipo mwa amenewo 9 pa 100 adali ovutika kulankhula. Ndiye kuti pamene pasonkhana anthu 100, sipalephera kupezeka banja limene nkhaniyi ikulikhudza.

CHIMENE CHIMAMANGA LILIME

Tisanaweruze mlandu, tiyambe tamva mutu wake. Ife amene tilankhula mosavuta timayesa kulankhula ndi chinthu chapafupi ngati kuphethira, koma sikutero. Kuti munthu atchule liu limodzi lokha, monga lakuti nsima, pamagwira ntchito minofu pafupifupi 100: ya m'chifuwa yokankha mpweya, ya pakhosi, ya nsagwada, ya lilime ndi ya milomo, ndipo uli wonse uyenera kugwedezeka pa nthawi yake, usatsogole, usatsalire. Ife a kuno ku Ntcheu tidziwa gule wa ngoma. Amuna makumi awiri akaponda pamodzi, nthaka imagunda kamodzi. Koma mmodzi akachedwa ndi phazi, ngakhale mwana amazindikira kuti gule waonongeka. Kulankhula kuli chimodzimodzi, ndipo wotsogolera gule ameneyu ndi ubongo.

Gule wa pakamwa amaonongeka m'njira ziwiri. Yoyamba ndi pamene ovina adziwa bwino mapondedwe, koma miyendo yao iri yofooka kapena youma. Madokotala amalitcha vuto limeneli dysarthria. Mwana wotere amalankhula mokoka, mau ake amamveka ngati ali ndi phala m'kamwa kapena ngati akutulukira m'mphuno, kawirikawiri amatuluka dovu, ndipo kutafuna ndi kumeza kumamvutanso. Zimenezi zimaoneka kwambiri mwa ana amene ubongo wao udavulala pobadwa kapena ali akhanda, matenda amene ku chipatala amati cerebral palsy.

Njira yachiwiri ndi pamene miyendo iri yolimba ndithu, koma chizindikiro cha wotsogolera chimafika mosokonezeka. Dzina lake ndi apraxia. Mwana wotere amaseka, amalira ndi liu lamphamvu, koma akafuna kutchula liu, pakamwa pamasochera. Lero anena "mayi" bwinobwino, mawa liu lomwelo lituluka mwina, mkuja lisoweratu. Liu lalifupi alikhoza, lalitali limgonjetsa. Chodabwitsa china nchakuti liu limene latuluka lokha pamene akusewera, mukamuuza kuti alibwereze, limakana. Akatswiri amayerekeza kuti vuto lachiwirili limagwira mwana mmodzi kapena awiri pa ana 1,000. Mavuto awiriwa ngosiyana ndi chibwibwi, ngosiyananso ndi kusalankhula kobwera chifukwa cha kugontha.

Chofunika kuchigwiritsa ndi ichi: lilime si muyeso wa nzeru. M'chaka cha 1861, dokotala wina wa ku Paris, Paul Broca, adayeza wodwala amene kwa zaka zambiri sankatha kutchula liu lina koma lakuti "tan". Munthuyo ankamva zimene ankamfunsa, namayankha ndi dzanja. Atamwalira, Broca adapeza kuti mbali ina ya ubongo wake, cha kumanzere, ndiyo idaonongeka. Kuyambira pamenepo madokotala adazindikira kuti kumvetsa ndi kutchula ndi ntchito ziwiri. Nzoona kuti ana ena ovutika kulankhula amavutikanso kuphunzira; koma ambiri amamva zochuluka kuposa zimene atha kunena, kuphatikizapo zimene timanena za iwo tikumayesa sakumva. Mau aja akuti "ameneyu salankhula", mwana uja adawamva.

NDANI ADALAKWA?

Mwana wotere akapezeka m'banja, funso loyamba kumveka pamtondo ndi pamowa silikhala lakuti timthandize bwanji, koma lakuti ndani wachita. Ena amati ndi tsempho, makolo sadasunge mwambo mwana ali wakhanda. Ena amaloza agogo a kuchimuna kapena a kuchikazi kuti ndiwo adamanga lilime. Pa malo a malonda ngati pa Manjawira, bambo wake wa mwanayo akangotsegula golosale kapena kugula chigayo, manong'onong'o amayamba akuti wamkhwimira mwana. Mabanja amapasuka nazo zimenezi, nkhalamba zosalakwa zimadedwa, ndipo mwana mwiniwake amakhala ali pomwepo, wosathandizidwa. Enanso amatenga lumo kuti adule kamtsempha ka pansi pa lilime. Koma vuto likakhala mu ubongo, lumo limangobweretsa magazi ndi chilonda.

Zifukwa zenizeni zambiri zikudziwika. Mwana akachedwa kupuma pobadwa, akabadwa masiku asanakwane, akagwidwa ndi chikasu chachikulu m'masiku oyamba, akadwala matenda oumitsa khosi kapena malungo a mu ubongo, mbali zoyendetsa lilime zingathe kuvulala. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala adatsata ana amene adapulumuka malungo a mu ubongo, ndipo m'chaka cha 2010 adalengeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu adatsala ndi vuto lina, monga khunyu, kusintha kwa khalidwe, kapena kulephera kuyenda ndi kulankhula bwino. Nthawi zina vuto limayenda m'magazi: ku London kudali banja lina limene pafupifupi theka la anthu ake, mibadwo itatu, adali ndi apraxia, ndipo m'chaka cha 2001 akatswiri a ku Oxford adapeza kachidutswa ka chibadwa kamene kadasinthika mwa iwo, kotchedwa FOXP2.

Koma mwa ana ambiri a apraxia chifukwa sichipezeka, ndipo pamenepo mpamene Mkristu ayenera kusunga pakamwa pake. Kuloza munthu chala pa chinthu chimene sitidachione ndi umboni wonama, wolakwira lamulo lachisanu ndi chitatu. Ophunzira a Ambuye Yezu, ataona munthu wobadwa wosapenya, nawonso adafuna kudziwa wolakwa, kaya mwiniwake kaya makolo ake. Ambuye adakana zonse ziwiri, ndipo m'malo mozenga mlandu adamthandiza munthuyo.

MAENJE AWIRI

Tibwerere ku funso lathu. Makolo a mwana wotere amayenda pa kanjira kopapatiza, kokhala ndi dzenje uku ndi uku.

Dzenje loyamba ndi kukakamiza. Bambo amaganiza motere: "Dzulo mwanayu adanena madzi ine ndikumva, lero akukana, ndiye kuti ndi mwano kapena ulesi." Tsono amaika lamulo lakuti usanatchule sulandira. Mlendo akafika pakhomo napereka moni, mwana nkungoti duu, make amachita manyazi namtsina pantchafu, pakuti kwathu kuno mwana wosayankha moni amanyozetsa amene adamlera. Maganizo amenewa ngomveka, koma ngolakwa, chifukwa kutha lero ndi kulephera mawa ndicho chizindikiro chenicheni cha vutoli. Chilango chimayenera munthu amene adziwa, angathe, koma safuna. Kulanga mwana pa chinthu chimene afuna koma sangathe ndi kupanda chilungamo, ngakhale wolangayo akhale ndi cholinga chabwino. Ndipo phindu lake palibe: mantha amaumitsa nsagwada koposa, mwana amaphunzira kuti kutsegula pakamwa kumaitana mkwapulo, motero amasankha kukhala chete.

Dzenje lachiwiri ndi lija tidaliona pamsika, ndipo nlovuta kulizindikira chifukwa lavundikiridwa ndi chifundo. Mayi anganene kuti: "Inu olemba m'nyuzi simudziwa. Ine ndiri ndi munda wolima, madzi okatunga, ndi ana ena anai. Ndikati ndidikire liu liri lonse, nsima ipsa liti? Mwanayu womdziwa ndine. Ndikangomuona m'maso ndadziwa chimene afuna. Nanga ndimsiye anthu amseke?" Mau amenewa ngolemera, ndipo amene sadagonepo ndi nkhawa ya mwana wotere asafulumire kuwapeputsa. Komabe tiyeni tiwayeze.

Poyamba, ngakhale mayi amalakwitsa: nthochi ija idasanduka chitumbuwa. Kachiwiri, lilime limaphunzira pogwira ntchito, monga dzanja limazolowera khasu polima. Mwana woyankhiridwa nthawi zonse amalandidwa mpata umene ukadamuongola. Kachitatu, anthu amatengera kwa make. Akaona kuti woyankha ndi mayi, amaleka kufunsa mwana, amafika nafunsa kuti, "Wadya ameneyu?" mwiniwake ali chikhalire pomwepo, ngati akufunsa za mbuzi yodwala. Pang'ono ndi pang'ono mwana amasanduka munthu wongonenedwa, wosanenapo kanthu.

Koma chifukwa chachikulu nachi. Munthu ali yense adapatsidwa nzeru ndi ufulu wosankha, ndipo mau ndiwo khomo limene kufuna kwa munthu kumatulukira. Mwana wonena kuti ndifuna ichi, icho ai, akuphunzira kukhala munthu. Tikamtsekera khomo limeneli, ngakhale mwachikondi, timamphunzitsa kuti kufuna kwake kulibe ntchito. Tsono taganizani za tsiku limene mwana ameneyu adzakumana ndi munthu woipa kuthengo kapena kuseri kwa nyumba. Ochita zoipa amasankha dala ana osatha kunena. Mwana amene kukana kwake sikudamvedwepo pa nkhani ya nthochi, adzakhulupirira bwanji kuti amveka pa nkhani yoopsa? Ndipo kholo limene silidazolowere kumva chinenero cha mwana wake, lidzazindikira bwanji tsiku limenelo kuti mwana akuneneza munthu? Tikumbukenso kuti makolo sakhala muyaya. Mayi akadzatsikira kuli chete, pakamwa pa mwana wake pasadzatsikire naye limodzi.

ARONI NDI NKHOSWE

Kodi tsono kholo lisamlankhulire konse mwana wake? Iai, sindikutero. Alipo malo, monga ku chipatala, ku sukulu ndi kwa amfumu, kumene mwana wotere asowa pakamwa pa wina. Nkhani iri pa kalankhuliridwe kake.

M'buku la Eksodo timva za Mose, amene potumidwa kwa Farao adadandaula kuti satha kulankhula bwino. Tionepo zinthu ziwiri. Choyamba, sitimva kuti Mulungu adayamba wamasula lilime lake kuti ayenere ntchitoyo. Adamtuma ali chomwecho. Chachiwiri, adampatsa mbale wake Aroni kuti azimnenera kwa anthu, koma wolandira uthenga adali Mose yemwe. Aroni ankayamba wamva, kenaka nkunena. Tsiku limene Aroni adachita za m'mutu mwake, Mose ali kuphiri, ndilo tsiku limene anthu adagwadira mwanawang'ombe wa golide.

Makolo athu adaidziwa nzeru yomweyi. Pa mlandu wa banja mwini nkhani saima yekha; omlankhulira ndi ankhoswe. Koma nkhoswe yabwino imayamba yakhala pansi ndi munthu wake, nimva dandaulo lake lonse, ndipo pabwalo ikatha kunena imacheukira kwa iye kuti avomereze. Nkhoswe yongonena zake, yosafunsa, imataya mlandu wa mbale wake, ngakhale ikhale yodziwa kulankhula chotani.

Yankho la funso lathu liri pamenepa: kholo likhale nkhoswe ya mwana, lisakhale mwini wa mau ake. Liyambe lamdikira, likamva, libwereze kwa anthu chimene mwana wanena, kenaka licheukire kwa mwana kuti avomere kapena akane. Pamsika paja mayi uja akadati, "Tadikirani pang'ono, agogo, akunena," kenaka nkuwerama nkuti, "Wati nthochi, eti mwanangu?" mwanayo akadapita kwao ndi nthochi, ndiponso ndi chinthu choposa nthochi, ndicho kudziwa kuti wagula yekha. Anyamata okodolana aja nawonso akadaphunzira kanthu, pakuti mwana amene make amamlemekeza poyera ngovuta kumseka.

KUDIKIRA NDI NTCHITO

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha; ukaigogoda imabwerera m'chigoba. Koma kudikira kumene ndikunena si kupinda manja nkumati adzalankhula yekha akakula monga adachitira atsibweni ake. Ana ena ochedwa kulankhula amadzafikapo okha, nzoona. Koma mwana wa apraxia kapena dysarthria amasowa kuphunzitsidwa, ndipo mmera mpoyamba. Mwana akakwana zaka ziwiri asanayambe kulumikiza mau awiri, kapena akafika zaka zitatu apabanja pomwe akuvutika kumumva, pitani naye ku sikelo mukafotokoze kwa a zaumoyo, ndipo pemphani kuti ayezedwe makutu poyamba. Ku Queen Elizabeth kuli malo oyezera makutu. Ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, koleji ya Montfort imasula aphunzitsi a ana osowa chithandizo chapadera. Funsani kwa mphunzitsi wamkulu ngati m'dera lanu alipo wotere. Kuli bungwe la boma la MACODA, limene kale linkatchedwa MACOHA, kulinso bungwe la makolo a ana a ulumali la PODCAM. Lamulo la anthu a ulumali la chaka cha 2024, lolowa m'malo mwa la 2012, limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Motero mwana wanu ali ndi malo ake ku sukulu.

Komabe tisanamizane. Akatswiri ophunzitsa kulankhula m'dziko muno ngowerengeka, ambiri ali m'mizinda, ndipo ulendo wochokera pa Manjawira kunka ku Blantyre umadya ndalama zimene banja lidasungira feteleza. Chifukwa chake ntchito yaikulu idzagwirika pakhomo.

Sankhani mau ochepa, asanu kapena khumi, amene mwana amawasowa tsiku ndi tsiku, monga mayi, madzi, ai, bwera, ndi dzina lake. Khalani moyang'anana naye kuti aone milomo yanu. Tchulani mosathamanga, nenani naye pamodzi, kenaka msiyeni ayese yekha. Kanthawi kochepa kangapo pa tsiku kaposa ola lathunthu kamodzi pa mlungu, ndipo mungathe kuchita zimenezi potsuka mbale, posenda nandolo, kapena pa njira ya kumadzi. Ana ena amathandizidwa ndi nyimbo ndi kuomba m'manja. Akayesa, muyamikeni chifukwa cha kuyesako, ndipo bwerezani liulo molongosoka, osanena kuti walakwa. Mukamfunsa kanthu, werengani chamumtima mpaka khumi musanalankhulenso. Muonetseni zinthu ziwiri kuti asankhe. Musamletse kuloza, kulankhula ndi manja kapena kusonyeza zithunzi. Ena amaopa kuti zizindikiro zimachititsa lilime ulesi, koma akatswiri adapeza kuti sizitero. Mwana womveka ndi manja amachepetsa kulira ndi ukali, napeza mtima woyesanso ndi pakamwa. Abale ake, agogo ake ndi atsibweni ake aziphunzire zizindikirozo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo inu abambo musamsiyire make yekha katundu ameneyu.

Ana ambiri akaphunzitsidwa motere amapita patsogolo, ena mpaka kulankhula momveka bwino. Koma alipo amene lilime lao lidzakhala lolemera moyo wao wonse. Kholo lisadziimbe mlandu pa chimenechi. Sitimdikira mwana chifukwa tatsimikiza kuti adzalankhula bwino ai. Timamdikira chifukwa ndi munthu, ndipo chimene akufuna kunena nchake.

KWA INU AKATEKISTI

Mwana ameneyu tsiku lina adzafika m'kalasi mwanu, kukonzekera kulandira Ukaristia koyamba. Anzake adzaloweza mafunso ndi mayankho, nayankha mokweza onse pamodzi. Iye adzagwedeza milomo chabe. Tsiku la mayeso likadzafika, mudzatani naye? Ena abwezedwa chaka ndi chaka mpaka kumera ndevu, makolo ao nkutaya mtima, nkuleka kubwera nao ku tchalitchi komwe.

Eklezia safuna zimenezo. Pa 8 Ogasiti 1910, Papa Pius X adalamula m'kalata yotchedwa Quam singulari kuti ana alandire Ukaristia akayamba kuzindikira, cha m'zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo adafotokoza kuti sikofunika kuti adziwe chiphunzitso chonse. Adziwe zazikulu monga mwa msinkhu wao, ndipo athe kusiyanitsa Mkate wa Ukaristia ndi mkate wamba. M'chaka cha 2007 Papa Benedict XVI adakumbutsanso kuti Akristu a ulumali asatsekerezedwe pa sakramenti limeneli. Onani kuti chofunidwa ndi kuzindikira, osati kutchula. Mwana angasonyeze kuzindikira kwake poloza, pogwedeza mutu, pogwada, posankha pakati pa zithunzi ziwiri. Udindo wanu ndi kupeza njira yofunsira imene iye angathe kuyankha. Kaonaneni ndi makolo ake kuti akuphunzitseni zizindikiro zake, ndipo mudziwitseni bambo mfumu nthawi isanakwane, kuti pa sakramenti la Kulapa amlandire modekha.

Marko Woyera asimba za munthu wogontha ndi wovutika kulankhula amene adabwera naye kwa Ambuye. Asanachite china chiri chonse, Ambuye adamtenga napita naye pambali, kutali ndi khamu la anthu. Inunso musamuimiritse mwana wotere pamaso pa kalasi kuti ayankhe anzake akudikira kuseka, mfunseni padera. Musalole maina onyoza monga mbewewe kapena chitsiru kumveka pa bwalo la tchalitchi, ndipo mpatseni ntchito yooneka, monga kunyamula zopereka kapena kuliza belu, kuti mpingo uzolowere kumuona ngati mmodzi wa iwo. Inu a m'miphakati, kayendereni banja lake. Mukafika, perekani moni kwa mwanayo mwini, ndipo dikirani yankho.

Owerenga okondedwa, ambirife tiribe mwana wotere m'nyumba, koma tonse timakumana naye: pamsika, pachigayo, pamjigo, pakhomo la tchalitchi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Akadzaima pamaso panu natsegula pakamwa, ikani pansi chimene muli nacho m'manja, mpenyeni kumaso, ndipo werengani chamumtima mpaka khumi. Mukapanda kumva, nenani moona kuti, "Sindidamve, tanenanso," kapena, "Tandilozera." Musayerekeze kumva pamene simudamve, pakuti iye amazindikira. Ndipo inu mayi wa pa Manjawira, ngati mau ano akupezani, dziwani kuti sindidalembe kuti ndikuchititseni manyazi. Mwanyamula katundu amene ambirife sitikadamtha. Tsiku lina la msika bwerani nayenso mwana wanu pa malo omwe aja, ndipo agogo aja akadzamfunsa, mlekeni ayambe ndiye.